Mana a lero okha

Alamu yanga imalira 5 koloko m'mawa, ndipo ana amadzuka cha m'ma 5:40. Pakati apa nyumba imakhala zii. Ndinganame nditanena kuti nthawi yonseyi ndimakhala pa mawu a Mulungu, chifukwa pali kusamba, pali kusita malaya a sukulu amene ndinaiwala usiku. Zimene zimanditsalira ndi mphindi 10, mwina 15. M'menemo ndimatsegula Baibulo, ndimawerenga mavesi ochepa, kenako ndimalemba mizere itatu m'kope la chikuto chobiriwira. Ndatero kwa chaka ndi miyezi inayi tsopano, ndipo kope lachiwiri latsala masamba owerengeka kuti lithe.

Ndisanafike pa kopeli ndinayenda njira ziwiri, ndipo zonse zinandisiya ndi njala.

Poyamba ndinkadalira uthenga wa pa foni. M'mawa uliwonse unkafika pa gulu lathu la WhatsApp: vesi limodzi, ndemanga yaifupi, kapemphero, ndi chithunzi cha dzuwa likutuluka. Ndinkawerenga chothamanga, kulemba "Amen", kutumizira anthu ena asanu, basi tsiku layamba. Usiku wina ndikumufunditsa mwana wanga wamkazi, amene nthawiyo anali ndi zaka 9, anandifunsa kuti, "Amayi, vesi la lero linali liti?" Ndinasowa choyankha. Ndinali nditalitumiza kwa anthu m'mawa womwewo, koma ngakhale buku limene linachokera sindinalikumbuke. Ndinatuluka m'chipindamo mtima ukundiwawa. Uthengawo unalibe vuto, ndipo amene ankaulemba ankachita ntchito yabwino. Vuto linali loti mawuwo ankangodutsa m'zala zanga kupita kwa ena, osatsikira mumtima.

Ndiye ndinati ndichite zazikulu. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, ndipo ukamawerenga mitu itatu kapena inayi pa tsiku umalimaliza m'chaka chimodzi. Genesis ndinamuwerenga mosangalala, Eksodo chimodzimodzi. Pofika mu Levitiko mwana anadwala, kuntchito kunachuluka zochita, ndipo ndinayamba kudumpha masiku. Mitu yotsalira inaunjikana mpaka 20. Loweruka lina ndinakhala pansi n'kuwerenga mitu 15 nthawi imodzi kuti ndibweze, koma podzuka pampando munalibe kanthu m'mutu, maso okha akuwawa. Alipo ambiri amene ndondomeko imeneyi yawathandiza, ndipo ndimawalemekeza. Koma kwa ine inasandutsa Mulungu kukhala munthu amene ndili naye ngongole. Ndipo tonse tikudziwa zimene timachita ndi munthu wotero: ukamuona akubwera, umakhota njira. Baibulo linakhala pa shelefu miyezi itatu osalikhudza.

Pa zonse zimene ndinawerenga nthawi imeneyo, mutu umodzi unandikakamira: Eksodo 16, nkhani ya mana. Aisraeli ali m'chipululu, akudandaula za njala, ndipo Mulungu akuwapatsa chakudya chogwa ndi mame. Aliyense azitola muyeso umodzi, wotchedwa omeri, wokwanira tsiku limenelo. Dzuwa likatentha, otsala pansi ankasungunuka. Ena sanamvere Mose, anasungako kuti adye mawa, ndipo pofika m'mawa anapeza agwa mphutsi, akununkha. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi pamene ankatola ya masiku awiri chifukwa cha Sabata. Ndipo izi zinachitika zaka 40. Ndinawerengera papepala: ukachotsa masiku a Sabata, ndi maulendo oposa 12,000 otuluka m'hema mbandakucha, kuwerama, ndi kutola. Mulungu akanatha kuwapatsa chakudya cha chaka chonse kamodzi n'kamodzi. Anasankha kuwapatsa chochepa chimene chinkawabweretsanso kwa Iye tsiku lotsatira. Ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake pemphero limene Yesu anaphunzitsa ophunzira ake pa Mateyu 6 limapempha chakudya cha lero, osati cha mwezi.

Ndinasangalala nditamva kuti chizolowezi cha mawu ochepa a tsiku ndi tsiku n'chakale ndithu. Ku Herrnhut, m'dziko la Germany, kunali gulu la Akhristu a mpingo wa Moravian limene mtsogoleri wake anali Nikolaus von Zinzendorf. M'chaka cha 1728 iye anayamba kuwapatsa mawu achidule oti ayende nawo tsiku lotsatira, ndipo kuyambira 1731 mawu oterewa akhala akusindikizidwa chaka ndi chaka mpaka lero. Chimene chimandikhudza n'chakuti poyambirirapo mawuwo ankapita khomo ndi khomo, munthu akuyenda wapansi kukauza mnzake pamaso. Kuti ukanene mawu pakhomo la munthu, uyenera kuyamba wawasunga iwe mwini.

Njira yanga tsopano ndi yophweka. Ndimatenga buku limodzi la m'Baibulo n'kumalitsata kuchokera poyambira, osadumphadumpha kufunafuna mavesi ondikomera. Ndimawerenga pang'ono, nthawi zina mavesi anayi okha, kawiri kapena katatu, kamodzi mokweza pang'ono kuti khutu limve. Pa mzere woyamba ndimalemba zimene ndimeyo ikunena. Pa wachiwiri ndimalemba pamene yandikhudza, ndipo pa wachitatu ndimalemba zimene ndikumuuza Mulungu. Ndinayamba ndi Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha, ndipo ananditengera pafupifupi miyezi inayi.

Kutsata buku mwandondomeko ndi kumene kunandigwetsa pansi tsiku lina, ndipo nkhani imeneyi ndi imene yandichititsa kulemba lero.

Vesi la Yakobo 4:8 ndalidziwa kuyambira ndili mtsikana: "Yandikirani kwa Mulungu, ndipo adzayandikira kwa inu." Ndaliona pa makalendala, pa makhadi, pa zithunzi za pa foni. Nthawi zonse ndinkaganiza kuti likunena za kupemphera kwambiri, kuimba kwambiri, kudzuka m'mawa kwambiri. Koma manambala a mavesiwa anabwera mochedwa. Mitu imene tikugwiritsa ntchito inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi Robert Estienne m'chaka cha 1551. Yakobo sanalembe vesi 8 palokha. Analemba kalata, ndipo kalata imawerengedwa yonse.

M'mawa umenewo ndinayambira pa vesi 1, ndipo ndinapeza kuti mutuwo ukuyamba ndi funso la mikangano: nkhondo ndi zolimbana pakati panu zichokera kuti? Ukupitiriza kunena za kaduka, za kupempha ndi zolinga zolakwika, za Mulungu amene amakaniza odzikuza koma amapatsa chisomo odzichepetsa. Vesi 8 lomwelo silithera pamene ine ndinkalithera. Limati tisambe m'manja, tiyeretse mitima, ife a mitima iwiri. Ndipo pofika vesi 11 akuti tisamanenerane zoipa.

Ndinaika cholembera pansi. Inali miyezi isanu ndi iwiri ndisakulankhulana ndi akulu anga, obadwa nawo bere limodzi.

Mayi athu anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo amene ndinkagona nawo kumeneko ndinali ine. Akulu anga anabwera kawiri kokha. Tsiku lachiwirilo ndinali nditatopa, tulo tili m'maso, ndipo titatuluka panja pa wodi ndinawauza kuti, "Inu amayi mumawakonda pakamwa pokha." Sanandiyankhe. Anangotenga chikwama chawo n'kumapita. Mayi anachira, anatuluka, koma ife awiri tinakhala ngati anthu osadziwana. Nkhani zonse zinkadutsira kwa mayi kapena kwa mlongo wathu. Ndipo miyezi yonseyo ine ndinkapemphera tsiku lililonse, ndikudabwa kuti n'chifukwa chiyani mapemphero anga akungobwerera padenga.

Kope langa la tsiku limenelo lili ndi mawu awa. Mzere woyamba: "Yakobo akulankhula ndi anthu okangana." Wachiwiri: "Ine ndine mmodzi wa iwo." Wachitatu: "Ambuye, sindikufuna."

Ndinakhala pa ndime yomweyo masiku anayi, osapitirira. Tsiku lililonse ndinkabwera ndi mlandu wanga wokonzedwa bwino: ndine amene ndinavutika, iwo ndi aakulu, ayambe ndi iwo. Zina mwa izo zinali zoona ndithu. Koma ndimeyo sinkandifunsa kuti wolakwa kwambiri ndani. Inkandifunsa za manja anga ndi pakamwa panga. Ndinakumbukiranso mawu a Yesu pa Mateyu 5:23-24, oti ukafika ndi mphatso yako ku guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, uisiye pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Yesu sananene kuti upereke kaye nsembeyo kenako ukaone zochita. Anati isiye.

Tsiku lachisanu, pa nthawi yopuma kuntchito, ndinapita kuseri kwa ofesi n'kuimba foni. Manja ankanjenjemera. Atayankha ndinati, "Akulu, ndine. Tsiku lija ndinakulankhulani moipa. Ndinalakwa, mundikhululukire." Panali zii kwa nthawi, mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Ndamva. Ndili pantchito, tilankhulana." Basi, n'kudula.

Panalibe misozi, panalibe chimwemwe chodzaza tsaya. Ndinabwerera pa desiki yanga ndili ndi manyazi komanso kakupsa mtima pang'ono. Patadutsa masabata awiri anandiimbira okha usiku, ndipo tinalankhula ola lathunthu. Anandiuza kuti nthawi imene mayi ankadwala, banja lawo linali pafupi kutha, ndipo sanafune kuuza aliyense kuopa kuwonjezera mavuto pa mavuto. Masabata atatu aja ine ndinkawerenga maulendo awo a kuchipatala, koma sindinawafunse ngakhale kamodzi kuti iwowo ali bwanji.

Kodi kuchokera pamenepo pemphero linayamba kukoma tsiku lililonse? Ayi. Ndikatsegula makope anga awiriwa, masiku ambiri ndi owuma. Pali masamba amene mzere wachitatu umangoti, "Palibe chimene ndamva lero, koma ndabwera." Kale masiku otere ankandiopsa, ndinkaganiza kuti Mulungu wandifulatira. Masalimo ndi amene anandilimbitsa mtima. Salimo 88 limayamba ndi kulira ndipo limathera mu mdima, popanda mawu otonthoza kumapeto, komabe lili m'Baibulo, ndipo wolembayo akulankhulabe ndi Mulungu mpaka mzere womaliza. Mu Salimo 73, Asafu akuvomera poyera kuti anachitira nsanje anthu oipa poona mtendere wawo, kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka, ndipo ndi pa vesi 28, lomalizira, pamene akufika ponena kuti kwa iye chabwino ndi kuyandikira kwa Mulungu. Anafika pamenepo atadutsa mavesi ambiri owawa, ndipo sanawafufute.

Chinanso chimene ndinkachiiwala ndi theka lachiwiri la chiganizo chija: "ndipo adzayandikira kwa inu." Ine ndinkangowerenga mapazi anga okha, ngati kuti mtunda wonse ndiyenda ndekha. Pa Luka 15, mwana wolowerera akubwerera kwawo atakonza kale zokanena, zoti amulandire ngati wantchito. Koma vesi 20 likuti akadali kutali, bambo ake anamuona, anamva chifundo, ndipo anathamanga kukamukumbatira. Mnyamatayo anayenda ndi miyendo yofooka ndi njala, koma wothamanga anali bamboyo. Mphindi 15 zanga za m'mawa ndi zochepa kwambiri, ndikudziwa. Sindizidalira kuti zindifikitse kwa Mulungu. Zimangonditembenuza nkhope kuti ndiyang'ane kumene Iye akuchokera.

Masiku ena ndimalephera ndithu. M'kope muli malo amene deti ikudumpha kuchoka pa 3 kufika pa 9. Sindibwezanso masiku otere. Mana a dzulo anasungunuka kale ndi dzuwa la dzulo, koma a lero ali panja, ndipo buku la Maliro 3:22-23 limati chifundo chake chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Ndimangolemba deti ya lero n'kupitiriza pamene ndinalekezera.

Kuti mawuwo asathere pa tebulo, ndimalemba chiganizo chimodzi pa kapepala n'kukaika m'thumba. Masana ndikamatulutsa makiyi kapena foni, dzanja limakakhudza, ndipo ndimakawerenganso. Danieli ankagwada katatu pa tsiku, mazenera ake atatsegulidwa kuloza ku Yerusalemu, ngakhale anali ndi udindo waukulu mu ufumu wa Dariyo. Ine sindinafike pamenepo, koma kapepalako kamandibweza kawiri kapena katatu dzuwa lisanalowe, makamaka pamene lilime layamba kuyabwa kuti ndimuyankhe munthu mokhadzula.

Lero m'mawa ndinali pa Luka 10, kunyumba kwa Marita ndi Mariya, pachibale awiri m'nyumba imodzi, wina akutanganidwa ndi ntchito n'kumadandaula kuti mnzake wamusiyira zonse. Ndinadzimva ndekha m'mawu a Marita, mpaka ndinawerenga ndimeyo kanayi. Ndinaona kuti Yesu anamuitana dzina kawiri, "Marita, Marita", asanamuuze china chilichonse, ndipo ndi zimene ndinalemba pa kapepala ka lero. Madzulo ano mwana wanga uja, amene tsopano ali ndi zaka 11, wandifunsanso vesi, ndipo ndakatulutsa m'thumba, kali kopindikapindika, n'kumupatsa kuti awerenge yekha. Loweruka likubwerali akulu anga adzabwera kudzanditenga, tipite limodzi kukaona mayi.