Ku belo timadzaza, ku chionetsero kuli zii

Anthu a mu Blantyre tili ndi bodza limodzi lomwe timalikonda kwambiri, loti mutawuni muno mulibe zochitika. Wikendi ikafika mumva munthu akuti aaa Blantyre ndi yobowa, zonse zili ku Lilongwe kapena kunyanja, basi nkukhala pakhomo kapena kupita koonera mpira. Koma munthu yemweyo muuzeni kuti mawa ku Limbe akutsegula belo la majekete, tambala asanalire mumupeza ali pa siteji akudikira minibasi, kuzizira konse kuja osakumva. Ndiye si kuti anthu sakonda kutuluka ayi. Ine ndimayenda mbali zonse ziwiri, kokasankha kaunjika ndimapita, ku zionetsero za zojambula ndi kwa alakatuli ndimapitanso, ndipo chomwe ndaona nchoti wa kaunjika amadziwa kuitana munthu pomwe anzathu a zaluso, katundu wawo ndi wabwino inde, koma kuitana kumawavuta heve.

Tiyambe ndi ku belo komweko poti ndi komwe ambirife timavalira, tisanamizane apa. Zovala zimenezi zimachokera kunja, ku Ulaya, ku America, ku China, zimabwera zitapanikizidwa mu mabelo omanga ndi zingwe zolimba, ambiri amakhala a makilo 45, ndipo belo lililonse lili ndi mtundu wake, la madiresi, la mashati a azibambo, la zovala za ana, la majinzi, la makatani ndi zofunda. Venda akamapikula saona zamkati, amagula chotseka, ndiye ndi juga yeniyeni, litha kutuluka belo labwino iye nkubweza ndalama yake tsiku lomwelo kapena litha kutuluka la zisanza zokhazokha nkulira mwezi wonse. Nchifukwa chake tsiku lotsegula mtengo umakhala wokwera, akufuna abwezeretu mpamba wake pa zovala zochepa zonyadazo. Ndipo oyamba kusankha nthawi zambiri si ine ndi inu ayi, ndi azimayi ndi anyamata a mabutiki, amatola zabwinozo, kukachapa, kusita, kuika pa hang'ala, kujambula bwinobwino nkuponya pa status ya WhatsApp mtengo utapita kumwamba, inu nkutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba mukuganiza kuti zachokera ku Joni. Sindikuwanyoza, ndi geni imeneyo, kulawirira kuja ndi ntchitonso.

Zotsalazo zimayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka zimathiridwa pa mulu, venda ataima pambali akukuwa mtengo umodzi, "chilichonse wani sauzande mayi, gwirani nokha, kuona ndi ulele!" Mawu omalizawo muwasunge. Munthuyu sakufunsa kuti mwaphunzira mpaka pati kapena mwavala chani, akukuuzani mtengo musanafunse, akukulolani kugwira, kuyesa, kubweza, ndipo mukachoka osagula sakukuyang'anani moipa, amangoti mudzabwerenso. Mashopu a DAPP nawo anaigwira bwino nzeru imeneyi, katundu watsopano akafika mtengo umayambira pamwamba kenako umatsika tsiku ndi tsiku mpaka atsala pang'ono kubweretsa wina, ndiye aliyense amadziwa tsiku lake malinga ndi thumba lake, wa ndalama amapita koyambirira, ife ena timadikira kumapeto nkukalimbana ndi zotsala. Safuna posita yokongola amenewa, uthenga umayenda wokha pakamwa, mu minibasi, ku saluni, ku tchalitchi.

Kwa amene mukufuna zotchipa zenizeni, jekete musagule mu June chiperoni itayamba, nthawi imeneyo aliyense akulifuna ndipo venda sanenereka. Gulani mu October dzuwa likuswa mtengo, wogulitsa akufuna lingomuchoka pamalo. Chovala muziona padzuwa osati mkati mwa shedi, onani m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ya jinzi pomwe pamayamba kutha, zipi muyendetse kangapo. Ndipo ndalama zazikulu musazionetse musanamalize kunenerera. Za maselo a m'mashopu a mutawuni, zolemba ndi choko chofiira pagalasi zija, ine sindimazikhulupirira kwenikweni, shopu ina ndinaiona ikukweza kaye mtengo wa nsapato kenako nkulemba kuti selo, mtengo nkubwerera pomwe unali kale. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndazungulira kaye kuona mitengo mwezi usanathe, selo ikamabwera ndikhale ndikudziwa.

Komatu kaunjika wa masiku ano si wotchipa ngati kale. Mabelo amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kuphatikiza kusowa kwa madola m'mabanki, mtengo wa belo unangouluka. Mu February 2025 mavenda a kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula za mitengo ya mabelo, ndipo dziko lonse linatchera khutu chifukwa nkhani ya kaunjika imakhudza nyumba iliyonse. Ndinadzifunsa kuti kodi galare ina, malo oonetsera zojambula, itatsekedwa mawa, angagube ndani.

Chonsecho malo oti mukaone zaluso alipo, ndipo ena ndi akalekale kuposa agogo athu. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndi a African Lakes Corporation, ndipo imatchulidwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri mwa zomwe zidakaima m'dziko muno, pansi pake pali La Caverna pomwe pamakhala zojambula ndi zosemasema, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi yodzaza mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. Funsani anthu khumi obadwira ku Ndirande kapena ku Zingwangwa ngati anakwerapo masitepe amenewo, mudzandiuza. Ku Top Mandala kuli Jacaranda Cultural Centre komwe kumachitika zionetsero za ojambula, zoimba, mafilimu. Ku galare ya Kwa Haraba kwakhala kukukumana alakatuli Lachitatu madzulo pakati pa zojambula zili m'makoma. Ku Chichiri kuli myuziyamu yomwe inatsegulidwa mu 1966, panja pake pali mitu ya sitima yakale, ambirife tinapitako kamodzi tili ku pulaimale titavala yunifolomu, aphunzitsi akutikalipira kuti tisagwire kanthu, basi osabwererakonso. Ndiye palinso Blantyre Arts Festival yomwe inayamba mu 2009.

Nanga bwanji kumakhala zii? Ndifotokoze za chionetsero china chomwe ndinapitako, malo ake sinditchula. Posita inali ya Chingerezi chokhachokha, Chingerezi chakenso chovuta chija choti uwerenge kawiri osamvabe kuti kukachitika chani, inaikidwa pa Instagram basi. Nthawi yake 6 koloko madzulo mkati mwa sabata, kudera loti minibasi sifika, wa kabaza akakusiya pageti pobwerera uziona wekha mumdima. Nditalowa, zojambula zake zinali zamphamvu zedi, mnyamata anajambula azimayi a mumsika ndi madengu awo moti umachita kumva phokoso la msikawo, koma azimayi anawajambulawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Munali azungu a m'mabungwe, mabwana angapo, ndi ife ochepa tinaima kukona titagwira matambula osadziwa kuti tiyankhule ndi ndani. Mitengo inalembedwa timalemba ting'onoting'ono, ina m'madola. Palibe anandithamangitsa, kulowa kunali kwaulele, koma chilichonse pamalopo chimakuuza kuti aise, izi si zako.

Ojambulawo ndimawamvetsa mbali ina. Penti ndi yodula, kanivasi ndi yodula, maburashi abwino amachokera kunja ndi madola omwe aja akuvutitsa wa kaunjika, chithunzi chimodzi chitha kumudyera masabata, ndiye akaganiza kuti wogula ndi mzungu kapena hotelo amakonza zonse moyang'ana kumeneko. Koma mzungu kontirakiti ikatha amapita kwawo, ndipo tinaona nthawi ya Covid alendo atasiya kubwera momwe ogulitsa ziboliboli anavutikira. Msika wodalira mlendo ndi wosadalirika.

Ndipo musandiuze kuti Amalawi sakonda zaluso, amene anakula nthawi ya French Cultural Centre akudziwa. Lamulungu masana anthu ankadzaza pamalo paja kuonera Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo akuseketsa anthu mpaka misozi, Wakhumbata ya Du Chisiza Jr nayo inkakoka chikhamu, anthu akulipira pageti ndi ndalama zawo osadandaula. Chinsinsi chake sichinali chovuta, malo ali pamsewu woti minibasi imadutsa, nthawi ndi masana munthu wachoka ku tchalitchi wadya nsima, abwerera kwawo kusanade, ndipo nkhani zake zinali zathu zomwe. Afalansa atachoka mu 2011 malowo anaonongedwa ndi akuba, boma linawatenga nkuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma kukonza kwake kunatenga zaka ndi zaka, ndipo mbadwo wonse wakula osadziwa chizolowezi chija chopita ku zisudzo Lamulungu. Chizolowezi chikafa kuchidzutsa ndi ntchito. Onaninso chikondwerero cha Tumaini ku Dzaleka, chinayamba mu 2014, kulowa ndi ulele, anthu amachoka kutali kupita ku Dowa, mkati mwa kampu ya othawa kwawo, kukaonera magule, oimba, alakatuli, kugula zakudya ndi zosokasoka. Ngakhale Trade Fair ya pa Chichiri, mabanja amapita ndi ana kukangozungulira m'mashedi. Anthu amapita komwe akumva kuti akufunidwa.

A fashoni nawo ali pakatikati pa nkhaniyi. Madizaina athu akusoka zinthu zokongola ndi chitenje, ndipo chiyambireni Buy Malawi mu 2016, pomwe anthu a m'maofesi anayamba kuvala zachitenje Lachisanu, matelala anapezako pothawira. Koma diresi ya dizaina singapikisane ndi ya pamulu, nsalu wagula, ulusi, laining'i, magetsi akazima jenereta, lendi ya shopu, pomwe ya pamuluyo mwini wake woyamba anaipereka ulele kwawo uko. Thonje timalima ku Chikwawa, ku Balaka, ku Salima, fakitale ya David Whitehead yomwe pano ndi ya Mapeto ili mu Blantyre momwemuno, koma zitenje zambiri zili pamsika ndi zochokera kunja. Amene andisangalatsa ine ndi achinyamata omwe asiya kulimbana ndi kaunjika nkuyamba kumugwiritsa ntchito, amatola jekete ya jinzi pamulu, kuisokerera chitenje kumsana ndi m'matumba, kapena kuijambula ndi penti, nkutuluka chinthu choti palibe wina ali nacho mutawuni yonse. Telala wa pakhonde wakhala akuchita zimenezi kuyambira kale, kubweza shati yaikulu, kusandutsa diresi kukhala siketi, kungoti sitinkamutcha dizaina.

Timisika ta Loweruka tomwe tayamba kuchuluka, pomwe wina akugulitsa zovala zosankha, wina ndolo ndi zikwama, wina zojambula, DJ ali pakona, kanyenya akupsa, ndi pomwe ndimaona anthu wamba akuima kutsogolo kwa chithunzi nkufunsa kuti ichi ndi zingati popanda manyazi. Munthu wabwerera bulauzi, wapezeka akucheza ndi wojambula. Tina timalipiritsa pageti ndalama yoti ukanagulira malaya awiri, zomwe ine ndimaona ngati kudzitchinga wekha, munthu alipire kuti alowe mu msika? Komabe timisika totere ndiye njira yake.

Ndiye inu ojambula ndi okonza zionetsero, posita ilembeni m'Chichewanso, iyende pa WhatsApp ndi pa wailesi osati pa Instagram pokha, mulembepo kuti kulowa ndi ulele ndi malemba akuluakulu chifukwa ambiri amaopa kuti akawalipiritsa, ndipo munene minibasi yokwera ndi potsikira. Tsegulani Loweruka masana. Chithunzi chachikulu chikhale ndi mtengo wake wa mabwana palibe vuto, koma pambali pakhale timapepala tosindikiza tating'ono, mapositikhadi, matisheti, zoti mphunzitsi wa ku Bangwe atha kugula mwezi ukatha nkukapachika pabalaza pomwe pano pali kalendala ya ku hadiweya. Ndipo lolani anthu kulipira pang'onopang'ono, mayi wa butiki wa pa WhatsApp uja amatisungira diresi tikapereka theka, inu chikukuvutani nchani.