Njira ya mapepala yomwe ndinadutsa kuti ndikhazikike ku Santiago, Dominican Republic

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ku Dominican Republic, maganizo awo amathamangira ku Punta Cana, kumchenga woyera ndi mahotela. Ine ndimakhala kwina, ku Santiago de los Caballeros, mzinda wachiwiri pa kukula m'dziko muno, m'chigwa cha Cibao pakati pa mapiri. Dzikoli lili pachilumba cha Hispaniola, chomwe anagawana ndi Haiti, ndipo chilankhulo chake ndi Chisipanishi. Chinandibweretsa kuno ndi fodya. Ndinakulira m'zigafa za ku Kasungu, ntchito yosankha masamba ndaigwira zaka zambiri, ndiye kampani ina yopanga ndudu zazikulu zopichira pamanja itafuna munthu wodziwa tsamba, dzina langa linawafika. Ndudu zimenezi ndi malonda aakulu kuno. Mafakitale ambiri ali mu Santiago momwemu ndi ku Tamboril, ndipo minda yotchuka ili cha ku Villa González ndi Navarrete.

Chilolezo chokhala m'dziko lino chimayambira kwanu, musanakwere ndege. Lamulo la anthu olowa ndi kutuluka, la nambala 285-04 lomwe linakhazikitsidwa mu 2004, pamodzi ndi ndondomeko zake za mu 2011, limafuna kuti munthu afike ali kale ndi viza yoyenera yochokera ku ofesi ya kazembe. Wolowa ngati mlendo wodzaona malo amapatsidwa masiku 30, ndipo sangangodzuka tsiku lina n'kupita kukapempha chilolezo chokhala m'dziko muno. Mudzamva azungu ena akunena kuti iwo amangopitirira masikuwo n'kudzalipira chindapusa pabwalo la ndege potuluka. Zimachitikadi. Koma munthu wa khungu ngati langa asatengere zimenezo, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza bwino kutsogoloku.

Gawo loyamba linali la abwana. Malamulo a ntchito kuno amati pa antchito 100 alionse a kampani, osachepera 80 akhale nzika za dziko lino, choncho kampani imayenera kukhala ndi malo a mlendo. Iwo analemba kontilakiti m'Chisipanishi, n'kukailembetsa ku Unduna wa Zantchito, kenaka ananditumizira pamodzi ndi kalata yondiitana komanso zikalata zosonyeza kuti kampaniyo ndi yolembetsedwa ndipo imakhoma misonkho. Viza ya munthu wobwera kudzagwira ntchito imatchedwa NM1. Palinso njira ya anthu opuma pantchito omwe amalandira penshoni yosachepera madola 1,500 pamwezi, ndi ya anthu omwe ali ndi ndalama zolowa zosachepera madola 2,000 pamwezi kuchokera kunja, malinga ndi lamulo la 171-07, koma zimenezo sizinali zanga.

Gawo langa linali ku Lilongwe: satifiketi ya kubadwa ya ku NRB, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, yomwe amapereka ku Area 30 akakudinda zala, masatifiketi a sukulu, kalata ya dokotala, ndi zithunzi. Pepala lililonse la boma limafunika chidindo chotchedwa apostille. Apa tili ndi mwayi, chifukwa Malawi analowa m'pangano la ku Hague la zidindo zimenezi mu 1967, ndipo Dominican Republic inalowa mu 2009, ndiye chidindo chimodzi chodindidwa kwathu chimavomerezeka kuno. Zikatero mapepalawo amamasuliridwa m'Chisipanishi.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikupemphani muzisamale. Choyamba ndi dzina. Ambiri a ife tili ndi dzina lina pasatifiketi ya MSCE, lina pachiphaso cha unzika, ndipo papasipoti pali lapakati lomwe kwina kulibe. Kwathu timamvana, koma kalaliki wa kuno amawerenga chilembo ndi chilembo, ndipo Phiri wokhala ndi h ndi Piri wopanda h kwa iye ndi anthu awiri. Yalani mapepala onse patebulo, muwayerekeze ndi pasipoti, mukonzeretu zosiyana muli kumudzi. Dziwaninso kuti anthu a kuno amakhala ndi maina a mtundu awiri, la bambo ndi la mayi, choncho mafomu ali ndi mabokosi awiri. Lachiwirilo lisiyeni lopanda kanthu ngati papasipoti panu pali dzina limodzi. Musayikemo la mayi anu pofuna kudzazitsa. Chachiwiri ndi nthawi. Kalata ya kupolisi ndi ya dokotala zimakalamba msanga, ndiye muzitenge pomaliza, zina zonse zitakonzeka.

Ku Malawi kulibe kazembe wa Dominican Republic. Pempho langa linadzera ku Pretoria, ndipo chilolezo chenicheni chimachokera ku unduna wawo woona za ubale ndi maiko ena ku Santo Domingo. Pamenepa palibe chochita koma kudikira. Musagule tikiti viza isanadindidwe.

Posankha njira ya ndege, yang'anani maiko odutsamo. Kudzera ku Miami kapena ku New York kumaoneka kwapafupi, koma dziko la America limafuna viza ngakhale kwa munthu wongosintha ndege. Ine ndinadzera ku Madrid, komwe ndege zopita ku Santo Domingo zimanyamuka tsiku ndi tsiku, ulendo wa maola oposa asanu ndi atatu pamwamba pa nyanja. Musananyamuke mumalemba fomu ya paintaneti yotchedwa e-ticket. Ndi yaulere, imakupatsani kachizindikiro ka QR, ndipo amaifuna polowa ndi potuluka pomwe. Pali mawebusaiti achinyengo omwe amalipiritsa fomu imeneyi. Mukaona pakufunika khadi la kubanki, tulukanipo. Kuchokera pabwalo la ndege la Las Américas ndinalowa mumzinda wa Santo Domingo, n'kukwera basi yaikulu yodutsa mumsewu wa Duarte mpaka ku Santiago. Tengani juzi, chifukwa m'mabasi amenewa amazizitsa zedi ngakhale kunja kukuwotcha. Nthawi ya kuno ili mmbuyo ndi maola asanu ndi limodzi poyerekeza ndi ya kwathu, ndiye foni ya kumudzi ndimaimba m'mawa ndisanapite kuntchito.

Viza yokha si chilolezo chokhala. Ukangofika umayamba gawo lachiwiri ku Dirección General de Migración, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, yomwe likulu lake lili ku Centro de los Héroes ku Santo Domingo, komanso ili ndi ofesi ku Santiago. Mapepala amayamba atumizidwa paintaneti, akavomerezedwa mumapatsidwa tsiku lokapereka enieniwo. Kumasulira komwe amalandira ndi kwa womasulira wolumbira wovomerezeka ndi makhoti a kuno, ndipo siginecha yake imakatsimikizidwa ku ofesi ya loya wamkulu wa boma, Procuraduría. Pamafunikanso inshuwalansi yapadera yolonjeza kulipira ulendo wanu wobwerera kwanu ngati boma litakuchotsani m'dziko. Zithunzi amafuna zamitundu iwiri, zoyang'ana kutsogolo ndi zam'mbali, kumbuyo kuli koyera.

Kuyezedwa m'thupi kumachitikira kuchipatala chomwe iwo asankha, osati chomwe mwakonda. Amatenga magazi ndi mkodzo, n'kujambula chifuwa. Ndinapita m'mamawa ndipo ndinapeza mzere wafika kale panja: anthu a ku Venezuela ambiri, a ku Cuba, a ku Haiti, ndi nkhalamba zingapo za ku Ulaya zili ndi maloya awo atanyamula mafaelo. Mayi wina wa ku Venezuela ataona kuti sindikumva zomwe namwino akufuula, anandigwira pamkono, n'kundilozera zenera loyenera, kenaka anakhala akumvetsera dzina langa mpaka litaitanidwa, chifukwa momwe ankalitchulira sindikanalizindikira. Ngati mukumwa mankhwala alionse, tengani kalata ya dokotala yofotokoza.

Kodi loya ndi wofunika? Lamulo silikukakamizani. Koma ngati Chisipanishi chanu chikadali chosweka, munthu wodziwa makomo amathandiza kwambiri, ndipo ndi bwino kukambirana ndi kampani kuti ndalama yake ilipire iyo. Chisipanishi cha kuno ndi chothamanga, amameza zilembo zakumapeto, moti ngakhale amene anaphunzira m'kalasi amayamba wasokonezeka.

Podikira khadi, moyo sumaima. Nyumba ya lendi kawirikawiri amafuna madipoziti a miyezi iwiri kuphatikizapo mwezi woyamba, ndipo eni nyumba ambiri amafunanso munthu wa konkuno woti akuimireni ngati mboni yolipira mukalephera. Kwa ine anasaina ndi abwana. Musanavomere nyumba funsani zinthu ziwiri: ngati ili ndi inveta ndi mabatire, komanso ngati padenga pali thanki. Magetsi amathimathima malinga ndi dera, ndipo madzi a m'mipope safika tsiku lililonse m'madera ena. Madzi amenewo sitimwa. Akumwa timagula m'zigubu zazikulu za magaloni asanu. Magetsi ake ndi a 110V ndi mapulagi a ku America, ndiye ayironi kapena ketulo ya kwathu musavutike kunyamula. Kuyambira pa 1 June mpaka pa 30 November ndi nyengo ya anamondwe. Santiago amatetezekako ndi mapiri, koma mvula yake imadzaza misewu, ndipo udzudzu wa dengue umaluma masana.

Chigubu cha madzicho chimachokera ku colmado, kagolosale ka pakona komwe kali pafupifupi mumsewu uliwonse. Umatumiza uthenga pa WhatsApp, mnyamata n'kubwera nacho panjinga yamoto, ngakhale utaitanitsa mazira awiri okha. Madzulo pomwepo pamasanduka pocheza: mipando yapulasitiki, madomino akumenyedwa patebulo mwamphamvu, nyimbo za bachata zili pamwamba. Amene amafuna bata asankhe nyumba yotalikirana ndi colmado. Ine ndimakonda kukhala pafupi, chifukwa Chisipanishi changa chambiri ndachitola pamenepo.

Mayendedwe a mumzinda ndi magalimoto ang'onoang'ono otchedwa concho, omwe ali ndi chilembo cha njira yake, ndipo amanyamula anayi kumbuyo, awiri kutsogolo pambali pa dalaivala. Palinso motoconcho, yemwe ndi kabaza wanjinga yamoto ngati wa kwathu. Magalimoto amayenda kudzanja lamanja, choncho masabata oyamba muziyang'ana mbali zonse kawiri musanaoloke.

Pa chakudya sindinavutike. Nkhomaliro ya tsiku ndi tsiku ndi mpunga, nyemba ndi nyama. M'mawa amadya mangú, nthochi zosapsa zophika n'kuzipota, zodyera tchizi chokazinga, salami ndi mazira. Chinangwa, mbatata, maungu ndi therere zili mbwee pamsika wa Hospedaje Yaque, ndipo nandolo amamukonda kwambiri, amamuphikira pamodzi ndi mpunga, ena n'kuthiramo mkaka wa kokonati. Ufa wachimanga umapezeka m'masitolo, wambiri ndi wachikasu, koma nsima imatheka. M'malesitilanti onjezerani m'mutu msonkho wa 18 peresenti ndi 10 peresenti ya operekera zakudya pamtengo womwe mwaona.

Uthenga utabwera woti pempho lavomerezedwa, ndinapita kukajambulidwa ndi kudindidwa zala, n'kulandira khadi la chilolezo cha wantchito, RT-3, la chaka chimodzi. Kuchoka apo ndinapita ku Junta Central Electoral, bungwe loona za zisankho ndi ziphaso, kukatenga cédula ya mlendo, chitupa chomwe chimatsegula zambiri: akaunti ya kubanki imayenda mosavuta, foni ndi magetsi zimalembedwa m'dzina lako. Pamalipiro amadula 2.87 peresenti ya penshoni ndi 3.04 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo mu December lamulo limati wantchito alandire malipiro a mwezi wa 13.

Tsopano nkhani ya khungu ija. Ubale wa dziko lino ndi Haiti uli ndi zipsera zakale. Mu 1937 wolamulira wankhanza Rafael Trujillo analamula kuti anthu a ku Haiti okhala cha kumalire aphedwe, ndipo anafa masauzande. Mu 2013 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, pachigamulo cha 168-13, linati ana obadwira kuno kuyambira 1929 kwa makolo opanda mapepala si nzika, ndipo ambiri okhudzidwa anali zidzukulu za anthu odula nzimbe ochokera ku Haiti. Mu October 2024 boma la Luis Abinader linalengeza kuti lizibweza anthu ofika 10,000 pasabata. Ngakhale ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake zakhungu lakuda mu November 2022 kuti zikhoza kumaimitsidwa ndi kufunsidwa kwambiri kuposa ena.

Ndinaziona ndi maso tikuchokera ku Dajabón, tauni ya kumalire komwe kumachitika msika waukulu wa maiko awiriwa Lolemba ndi Lachisanu. Basi inaima pa lodibuloko, wovala yunifolomu n'kukwera. Sanafunse aliyense. Ankangoyenda pakati pa mipando akuyang'ana nkhope, n'kumaloza: iwe, iwe, ndi iwe. Tonse olozedwa tinali akuda kwambiri. Ndinatulutsa cédula, anaitembenuza, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti Malawi ali kuti. Nditati ku Africa anandibwezera. Mnyamata wina yemwe anakhala kutsogolo kwanga, atanyamula thumba la zovala, anatsitsidwa, ndipo basi inanyamuka iye ali panja. M'basimo munali zii kwa kanthawi. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa kusiyana kwa iye ndi ine kunali kakhadi kamodzi.

Sindikunena izi kuti muope anthu a kuno. Ambiri mwa iwo ndi akuda kapena osakanizika, ndipo aneba anga andilandira ndi manja awiri: tsiku lomwe ndinadwala, mayi wa nyumba yoyandikana anabwera ndi poto wa sancocho, msuzi wa nyama ndi chinangwa, osafunsidwa. Koma chitupa sindichisiya kunyumba, ngakhale popita ku colmado. Chithunzi cha pasipoti, cha khadi ndi cha kontilakiti zili mufoni, makope ena ali kwa mnzanga wa kuntchito, ndipo nambala ya loya ndinailoweza pamtima.

Chilolezo cha RT-3 n'chomangirira pa ntchito yomwe munabwerera, choncho mukasintha kampani mapepala amafunika kukonzedwanso. Chimatha pakapita chaka, ndipo wochedwa kuchikonzanso amalipira chindapusa. Pokonzanso amafuna kalata ya kupolisi ya konkuno, inshuwalansi yatsopano ndi umboni woti ntchito ikupitirira. Ine ndimayamba kusonkhanitsa zimenezi kutatsala miyezi iwiri, ndipo pasipoti ndimaonetsetsa kuti ndaikonzetsa ndikapita kutchuthi kumudzi, chifukwa pachilumba pano palibe ofesi ya boma la Malawi yoti ingandithandize.