Magiredi muli nawo kale, nanga yankho la yunivesite libwera liti?

Ku UK, munthu wofunsira malo kudzera ku UCAS (bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite) ali ndi zotsatira zomaliza amatha kuyankhidwa m'masabata ochepa, poti yunivesite siyidikiranso mayeso. Koma musadalire kwambiri zimenezi. Maphunziro olimbirana ngati a udokotala amayamba akuitanani kukayankha mafunso. Mayunivesite a Oxford ndi Cambridge amatseka kulandira mafomu pa 15 Okutobala, mayankho n'kutuluka mu Januwale, kaya magiredi muli nawo kapena ayi.

Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi mapepala. Satifiketi yojambulidwa mosawerengeka, dzina losiyana ndi la pa pasipoti, ngakhalenso kusowa kwa zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS, zimatha kuchedwetsa fomu yonse. Akapempha chikalata tumizani tsiku lomwelo, ndipo imelo muziitsegula tsiku lililonse, osaiwala mu spam.