Kusankha resistor ya LED pa batire ya sola

Masamu ake ndi awiri basi. Resistor ndi kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, ndipo imayezedwa m'ma ohm. Ma ohm mumawapeza pogawa mavoti ndi ma amp (muyeso wa magetsi odutsa), R = V ÷ I. Mawati mumawapeza pochulukitsa mavoti ndi ma amp, P = V × I.

Titenge LED (kababu kakang'ono) yoyera ya mamilimita 5. Imafuna mavoti pafupifupi 3 ndi ma amp 0.02. Mukailumikiza ku batire popanda resistor imapsa pomwepo, chifukwa payokha siitha kuchepetsa magetsi odutsamo.

Ambiri amachotsa mavoti 3 a LED pa mavoti 12 a batire kuti apeze otsalira resistor, n'kugawa 9 ndi 0.02, n'kupeza ma ohm 450, kenako n'kugula resistor ya 470. Masamuwo ndi olondola, koma batire ya sola siikhala pa 12. Dzuwa likamaitchaja imafika mavoti 14.4. Werengerani pamenepo: 14.4 kuchotsa 3 atsala 11.4, kugawa ndi 0.02 mupeza 570. Yapafupi yomwe imagulitsidwa ndi ya 560, mizere yake ndi wobiriwira, wabuluu ndi wabulauni.

Musaiwale mawati. 11.4 × 0.02 ndi mawati 0.23, ndipo onsewo amasanduka kutentha. Resistor ya kota wati pamenepa ili kumapeto kwa mphamvu zake, imatentha kwambiri. Gulani ya theka la wati.

Poyeza ma ohm ndi mita yoyezera magetsi, yambani mwachotsa batire. Ma amp amayezedwa podula waya n'kulowetsa mita pakati. Mukagunditsa mawaya ake kumitu yonse iwiri ya batire, mita ili pa ma amp, fyuzi ya mitayo iphulika.