Sabata yoika makamera m'munsi mwa phiri la Zomba

Lolemba m'mawa ndinafika ku Mulunguzi ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, titanyamula makwerero, dirilo ndi katoni ya makamera 6 a chitetezo a kampani ya Hikvision. Nyumbayo ndi ya makedzana, yomangidwa likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, makoma ake ochindikala. Eni ake ndi mayi wina amene anapuma pa uphunzitsi. Mwezi watha akuba anawabera pampu ya madzi ndi batire ya galimoto, ndiye ana awo a ku Joni anatumiza ndalama kuti pakhomopo paikidwe makamera.

Tsiku loyamba sindiboola khoma. Ndimayamba ndazungulira kaye. Mayiwo ankafuna kuti makamera ambiri ayang'ane kugeti, poti kumeneko n'kumene kumalowera anthu. Tikuyeza, alonda a pakhomopo, bambo wa imvi, ankangotitsatira chapatali, osayankhula. Dzuwa litapendeka anandiitanira pambali.

"Bwana, zinthu zanuzi zikayamba kuona, ndiye kuti ine ndizipita kwathu?"

Funsoli linandikhudza, chifukwa ndinaona kuti akhala nalo mumtima tsiku lonse. Ndinawauza zoona: "Ayi madala. Kamera imangoona basi. Siyingaimbe wenzulo, siyingagogode pawindo kudzutsa amayi."

Anakhala chete pang'ono, kenaka anati ndiwatsate. Kuseri kwa nyumba, pamene ngalande yochokera kuphiri imadutsa pansi pa mpanda, anandilozera nthambi ya mango yogwera mkati, ndi mapazi a matope amene anaumira pa njerwa. "Wakuba sadzera pageti," anatero. Ine ndi zida zanga zonse malowa ndinali nditawadumpha. Usiku womwewo ndinasintha pulani, makamera awiri ndinawasamutsira kumeneko.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinathera m'siling'i, pansi pa malata otentha, mileme ikutiwomba kumaso. Tinakoka waya wa Cat6, umene umanyamula magetsi ndi zithunzi pamodzi pakati pa kamera ndi NVR, kabokosi kosunga zithunzi za makamera, bola usapitirire mamita 100. Wopita kugeti tinaukwirira pansi m'paipi, chifukwa apusi a kuphiri kuno akaona waya ukulendewera amausandutsa katungwe. Mnyamata wanga anafuna kukhomera kamera pamwamba penipeni pa khoma kuti isabedwe. Ndinamutsitsa. Ikakwera kwambiri mumangoona chipewa cha munthu, nkhope osaiona, ndipo chithunzi cha chipewa simungapite nacho kupolisi. Mamita atatu amakwanira.

Lachinayi magetsi anazima tikuyesa makina. Zinachita bwino kuzima mayiwo akuona, popeza poyamba ankakayikira zogula batire ndi inveta. Akuba nawonso amadikira mdima womwewo. Tinalumikiza NVR ndi rauta, kachipangizo ka intaneti kotumiza zithunzi ku foni ya mayiwo, ku inveta, kenaka ndinawapempha kuti pasiwedi alembe okha, ine nditatembenuka. Ndinawauzanso kuti hard disk yawo ya 2TB izisunga zithunzi za masabata pafupifupi awiri, kenaka zatsopano zizifufuta zakale, choncho kanthu kakasowa asamachedwe kundiimbira.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinawakanira. Anapempha kuti kamera ina iloze pawindo la chipinda cha mtsikana wantchito. Ndinawayankha mwaulemu kuti bwalo ndi chitseko cha kukhitchini ndiziika, koma pogona munthu ayi. Sanakondwe nthawi yomweyo, komabe anavomera.

Usiku umenewo kunagwa mvula yamphamvu, ija imatsika ndi nkhungu kuchokera ku Chawe. Kusanache foni yanga inalira. Anali mayi aja.

"Mwananga, sindinagone. Foniyi yalira usiku wonse kuti kwabwera munthu, koma ndikayang'ana palibe."

Nditabweza zithunzi m'mbuyo ndinapeza ngumbi. Zinali zitatuluka ndi mvula ija n'kumawirira patsogolo pa kamera, ndipo kuwala kwa infrared, kumene kamera imaonera mumdima, kukaziwomba zimaoneka ngati timiyuni toyera todzaza sikirini. Kangaude naye anali atayala kale ulusi pa kamera ya kumango. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinasiya makinawo kuti azichenjeza pa chilichonse chogwedezeka. Lachisanu lonse ndinakhalira kukonza zimenezi. Ndinajambula mizere pa sikirini, pamwamba pa mpanda ndi pangalande, kuti foni izilira pokhapokha chinthu chikadutsa mzerewo, kenaka mnyamata wanga anakwera mpanda kangapo ngati wakuba mpaka tinakhutira.

Loweruka ndinabweretsa kasikirini kakang'ono kamene ndinali nako kunyumba n'kukaika m'kanyumba ka alonda. Mayiwo anagwirizana nazo. Ndinawasonyeza madala aja mmene angakulitsire chithunzi chimodzi, ndipo tinamangirira kansanza kunsonga ya nsungwi kuti azichotsera ulusi wa akangaude madzulo aliwonse. Anakhala pampando wawo n'kuyang'anitsitsa makona onse 6 a pakhomopo nthawi imodzi, chala chili pa chithunzi cha kungalande.

"Apa mwaika bwino," anatero. "Koma nthambi ija mawa ndiidula ndithu."