Zolemba za chess: kusewera ndi mfumukazi ya kale, yoyenda kabokosi kamodzi

Ntchito ya gawo lino ndi kusewera ndi malamulo a shatranj, chess ya ku Persia ndi kwa Aluya, pa bolodi wamba. Palibe chogula. Ikani zonse monga mwa masiku onse, musinthe kayendedwe kokha.

Mfumukazi iziyenda kabokosi kamodzi mopingasa basi. Kalelo siinali mkazi, inali firzan, nduna ya mfumu. Bishopu akhale njovu, alfil: amalumpha mabokosi awiri mopingasa ngakhale pakati pali chotchinga. Msilikali amayenda kabokosi kamodzi kuyambira pachiyambi, ndipo akafika kumapeto amasanduka firzan. Castling, kusuntha mfumu ndi rook (kansanja ka pakona) nthawi imodzi, kulibe. Mukadya zonse za mnzanu n'kutsala mfumu yokha, mwapambana.

Cholakwika choyamba n'chakuti dzanja limaiwala, limakokera mfumukazi kutali, mpaka ku bokosi la h5. Mangani kaulusi pamutu pake kuti muzikumbuka. Chachiwiri, anthu amaidalira poukira, chonsecho firzan ili pa d4 imalondera mabokosi 4 okha, pomwe mfumukazi ya lero pamalo omwewo imalondera 27. Firzan siyichoka pa mtundu wa mabokosi womwe yayambira. Njovu ndiye zachisoni, m'masewero onse imangofika mabokosi 8. Mphamvu zili mwa rook, choncho mutsegulireni njira msanga, apo ayi masewero amakwawa.

Dzina lachikazi linabwera kale, mphamvu zinachedwa. Ndakatulo ya Chilatini yosungidwa ku Einsiedeln, ku Switzerland, ya cha m'ma 997, ndiyo yoyamba kutchula mfumukazi pa bolodi, nthawi yomwe amayi awiri, Adelaide ndi Theophanu, anali atangolamulira ufumu wa Germany m'malo mwa mwana, Otto III. Koma mfumukaziyo inakhalabe yofooka zaka pafupifupi 500.

Kusintha kunaonekera ku Valencia, ku Spain, cha m'ma 1475, m'ndakatulo ya Scachs d'amor, momwe muli masewero a Francesc de Castellví ndi Narcís Vinyoles. Ayeseni pa bolodi: 1.e4 d5 2.exd5 Qxd5 3.Nc3 Qd8 (Q ndi mfumukazi, N ndi kavalo, x ndi kudya). Pa kusuntha kwachiwiri mfumukazi yakuda yayenda kale mabokosi atatu n'kudya, zosatheka kwa firzan. Isabella anali atavekedwa ufumu wa Castile, ku Spain, mu 1474, ndipo wolemba mbiri Marilyn Yalom, m'buku lake la 2004, akuti akazi olamulira otere ndiwo anapangitsa kuti osewera avomereze mkazi wamphamvu kuposa mfumu. Mfundoyi ndi yogwira mtima, koma isatitenge kwambiri. Isabella sanalembe lamulo la chess, komanso bishopu anapatsidwa mtunda wautali nthawi yomweyo, zomwe zikusonyeza kuti osewera analinso atatopa ndi masewero ochedwa.

Buku la chess la Lucena, mlembi wa ku Spain, losindikizidwa ku Salamanca mu 1497, likadali ndi malamulo onse awiri, akale ndi atsopano. Ku Italy atsopanowa ankawatcha alla rabiosa, kunena kuti a mkazi wolusa.

Gawo lotsatira: firzan ikhalebe, bishopu yekha apatsidwe mayendedwe a lero, tione kuti liwiro lambiri likuchokera kwa ndani.