Kamnyamata kanaika sitima yake pa njanji yathu

Sabata yathayi ndinali pa sitima ya katundu yoyenda pakati pa Limbe ndi Nayuchi, ndipo monga mukudziwira anzanga a pa njanji, Okutobala ndi mwezi wa feteleza, wa dzuwa loswa mtengo ndiponso wa kudikira kosatha. Za Lolemba ndi Lachiwiri palibe chimene ndinganene chimene simunachionepo. Tinapita ndi mabogi opanda kanthu, anatiimitsa nthawi yaitali ku Nkaya kuti sitima za malasha zochokera ku Moatize, ku Mozambique, zidutse kaye, ndipo titafika kumalire a Mozambique ku Nayuchi tinapeza mapepala a katundu asanakonzeke, mwakuti tinagona komweko pakati pa udzudzu wa m'madambo a Chilwa ndi Chiuta. Ndisananyamuke ku Limbe ndinali nditalemba m'buku la injini kuti hutala ikulira mofooka chifukwa mpweya ukuthawa penapake, koma nditabwerera masamba angapo m'mbuyo ndinapeza kuti madalaivala ena anali atalemba kale zomwezo. Yankho limene ndinalandira linali lakuti chipangizo chake chinaitanitsidwa. Amakaniko sindiwaimba mlandu, pakuti munthu sakonza injini ndi manja okha.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi cha Lachitatu masana, titaoloka mlatho wa pa Shire ku Liwonde tikulowera ku Nkaya, mabogi onse atadzaza ndi feteleza. Aliyense amene wayendetsapo sitima m'chigawo chimenechi akulidziwa banja limene ndikufuna kulinena, ngakhale kuti mwina sanalankhule nalo. Pali mudzi wina pamene kanjira kopita ku mjigo kamadutsa pa njanji, ndipo pafupi ndi kanjirako pali chulu chimene pamaima bambo wina ndi ana ake awiri, mtsikana wa zaka ngati 6 ndi mlongo wake wa zaka ngati 4. Sitima ikamadutsa bamboyo amavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba, kamnyamata kamadumphadumpha, pamene mtsikanayo amatambasula dzanja n'kumawerenga mabogi limodzilimodzi ndi chala, nkhope itauma ngati munthu amene wapatsidwa ntchito ya boma.

Ndinacheza nawo tsiku lina chaka chatha, injini itatifera pafupi ndi mudziwo. Bamboyo ndi mlimi wamba wa thonje ndi nandolo, koma za sitima amazidziwa kuposa anyamata ena amene tawalemba ntchito posachedwapa. Anandiuza kuti malemu bambo ake anali m'gulu la anthu amene anayala njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito yosamalira njanjiyo pansi pa Malawi Railways mpaka anapuma. Mkuluyo ankawasimbira ana ake za zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku doko la Nacala, ndipo ankati tsiku limene sitima zinayambanso kuoloka malire anapha nkhuku. Ndi iye amene anayambitsa mwambo woima pa chulupo, ndipo mwana wake waupitiriza ndi zidzukulu zimene mkuluyo sanazione. Mtsikana uja anaphunzira kuwerenga manambala pa mabogi asanayambe sitandade wani, ndipo amasiyanitsa sitima ya malasha ndi yathu pongomva kulira kwake ili kutali. Bamboyo ananena monyada kuti sitima ya malasha ikadutsa mwanayo amawerenga mpaka kupitirira handiredi osasochera. Kamnyamatako anakapangira sitima ya mapaketi a mkaka olumikizidwa ndi ulusi wa thumba, mateyala ake a zitsekerero za mabotolo, ndipo kamayenda nayo kulikonse. Kuyambira tsiku limenelo anawo amandiitana kuti ankolo a sitima.

Lachitatulo, ndisanafike pa kona imene ili patsogolo pa kanjira kaja, ndinaliza hutala monga mwa lamulo, koma kulira kwake kunali kwakuti ngakhale ine ndili mkati mwa injini ndinachita nako manyazi. Pa konapo pamera zitsamba ndi mitengo ing'onoing'ono imene sinadulidwe chithereni mvula, kotero kuti njanji ya kutsogolo umaiona utafika kale. Titangokhota, mnzanga wothandizira anafuula kuti, "Achimwene, mwana!" Pa chulu panalibe munthu. Kamnyamata kaja kanali katagwada pakati penipeni pa zitsulo ziwirizo, msana uli kwa ife, kakuyesayesa kukhazika sitima yake ya mapaketi pamwamba pa njanji.

Tinali pa liwiro la makilomita ngati 40 pa ola, limene ndi lololedwa pamalopo. Ndinamanga mabuleki a ngozi nthawi yomweyo, ndinatsegula mchenga wothira pa njanji kuti mateyala asaterere, ndipo dzanja linalo silinachoke pa hutala. Inu anzanga mukudziwa chimene chimatsatira, koma ndichilemba chifukwa cha ena amene amaganiza kuti sitima imaima ngati minibasi. Mabuleki sagwira onse pakamodzi, amayambira kutsogolo n'kumagwira bogi ndi bogi mpaka kumbuyo, ndipo pamene akutero katundu yense wa kumbuyoko amakhala akukukankha. Chitsulo pa chitsulo chimaterera, mwakuti sitima yolemera yotere imafuna mamita mahandiredi angapo kuti iime. Ukamaliza kuchita zonse zimene unaphunzitsidwa, chimene chimatsala ndi kuyang'ana basi, popeza chiwongolero choti ukhotere kumbali palibe. Ndinaona kamwanako kakukula m'galasi, ndipo kanali kasanatembenuke.

Amene anakapulumutsa ndi mlongo wake uja. Anatulukira m'tchire cha kumanzere akuthamanga, analowa pa njanji pamaso pathu, anakagwira malaya cha m'khosi, ndipo onse awiri anagwera tsidya linalo pa miyala ya m'mbali. Sindingathe kunena kuti panatsala mamita angati, koma ndikudziwa kuti anazimiririka pansi pa mphuno ya injini ine ndisanatsimikize kuti atulukadi. Sitima inaima patali ndithu, mabogi ambiri atadutsa kale pamalopo. Mnzanga anatsika msanga, koma ine ndinayamba ndakhala kaye pampando chifukwa miyendo inakana kundinyamula.

Tinayenda m'mbali mwa mabogi kubwerera m'mbuyo, ndipo ulendo umenewo ndi umene dalaivala aliyense amauopa, chifukwa umayenda ukusuzumira pansi pa mateyala. Tinawapeza atakhala m'mbali mwa kanjira. Mtsikana anali atasupuka mawondo ndi chigongono koma sankalira, pamene kamnyamata kankalira kwambiri, ndipo chimene kankalirira ndi sitima yake imene inali itaphwanyika. Nditakafunsa chimene kamachita pa njanji, kanayankha kakusisima kuti, "Ndimafuna iyende nawo, ankolo." Bambo awo anafika akuthamanga kuchokera kumunda, khasu likadali m'manja. Tsiku limenelo tinali titachedwa kwambiri, iwo anadikira pa chulu mpaka anatopa, kenaka anapita kukasosa n'kuwauza ana kuti asachoke pansi pa mtengo kufikira atamva hutala. Hutalayo sanaimve, ngakhale munda wawo suli kutali. Chimene anamva ndi kulira kwa mabuleki.

Munthu wamkulu uja anagwada pa miyala n'kuyamba kundipepesa, akunena mobwereza kuti, "Bwana, ndikhululukireni, ndawaphunzitsa ndine zimenezi." Kenaka anathyola kamtengo kuti akwapule mwana, koma ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti, "Bambo, mwanayu wachita mantha okwanira lero, musiyeni." Amayi a m'mudzimo amene anasonkhana anayamba kuwadzudzula kuti misala yawo ya sitima idzaphetsa ana, ndipo iwo anangoweramitsa mutu. Ine sindinagwirizane nawo amayiwo, ngakhale kuti pamalopo sindinatsutsane nawo. Ana a m'mbali mwa njanji amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi amene palibe wamkulu amene anaimapo nawo n'kuwauza kuti sitima ndi chiyani, amene amatigenda miyala kapena kukwera mabogi tikamayenda pang'onopang'ono. Mtsikana uja anadziwa kuti sitima ili pafupi hutala isanamveke n'komwe, chifukwa bambo ake anamuphunzitsa kumvetsera kulira kwa njanji, ndipo anadziwanso kuti sitiima. Popanda zimene anaphunzira pa chulu paja, bwenzi lero ndikulemba za maliro.

Lachinayi linathera mu ofesi. Funso loyamba limene ndinafunsidwa linali la mphindi zimene sitima inaima pa njanji yaikulu, chifukwa kumbuyo kwathu kunali sitima ina imene tinaichedwetsa. Lachiwiri linali lakuti kodi mateyala sanadyeke chifukwa cha mabuleki a ngozi. Za ana anafunsa pomaliza, ndipo atamva kuti palibe amene wagundidwa, mkulu wina anapumira m'mwamba n'kunena kuti ndiye kuti si ngozi. Pa fomu imene anandipatsa panali malo olembapo munthu wakufa, wovulala, chiweto chogundidwa ndi katundu woonongeka, koma malo olembapo mwana amene watsala pang'ono kufa panalibe, choncho ndinalemba kuseri kwa pepala. Ndinatchula hutala ndi masiku onse amene inalembedwa m'buku, ndinatchula zitsamba za pa kona, ndiponso kuti pa kanjira kamene amayi ndi ana amadutsapo tsiku lililonse ndi zidebe za madzi palibe ngakhale chikwangwani chimodzi chochenjeza anthu. Ndinakumbutsanso kuti kale tinkatumidwa m'masukulu a m'mbali mwa njanji kukalankhula ndi ana, ndipo ntchito imeneyo inazilala mwakachetechete pamene anayamba kunena za kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito. Ndalama zake zinali za mafuta a galimoto ndi chakudya chamasana cha anthu awiri. Chimene chimandipweteka n'chakuti tsiku limene mwana adzagundidwe pamalopo, galimoto zidzapezeka, mafuta adzapezeka, zitsamba zidzadulidwa m'mawa mwake, ndipo amene adzakhale pamaso pa komiti ndi dalaivala.

Lachisanu anandipatsa ntchito yokankha mabogi m'yadi, mwina pofuna kuti mtima ukhale pansi, ndipo ndinaigwira popanda chovuta. Injini ija ndinaiona ikutuluka ndi dalaivala wina, hutala yake ikulira chimodzimodzi. Loweruka ndinali pakhomo. Mwana wanga wamkazi wotsiriza, amene ali ndi zaka 5, nayenso ndi wa sitima ngati bambo ake, ndipo nthawi zonse ndikafika amafuna kudziwa kuti ndinakoka mabogi angati, ndinaoloka Shire kapena ayi, ndiponso ngati anzake a pa chulu anandibayibitsa, pakuti ndinamusimbirapo za iwo. Ndinamuyankha kuti ndinawaona ndipo ali bwino. Mayi ake ndinawafotokozera zonse usiku ana atagona, ndipo anandifunsa ngati ndidzapitirize kupita naye ku siteshoni ya Limbe masiku anga opuma. Ndinati ndidzapitiriza, ndipo tsopano ndidzayamba kumuonetsa pamene sitima imayambira kumanga mabuleki ndi pamene imakaima, kuti aziyenda yekha mtunda umenewo ndi mapazi ake n'kuudziwa kutalika kwake.

Kwa inu amene muli pa ndandanda wa Nkaya ndi Liwonde sabata ino, musadalire chikwangwani choliza hutala chimene chili pafupi ndi kona ija, yambani kuliza muli kutali ndipo muchepetse liwiro ngakhale atakufunsani za mphindi. Amene mwapatsidwa injini imeneyo lembaninso za hutala m'buku, tsiku ndi dzina lanu pansi pake. Gulu losamalira njanji m'chigawocho ndalankhula nalo ndekha, ndipo kapitawo wawo walonjeza kuti akapatsidwa zikwanje adzayambira pa kona imeneyo. Bambo aja ndinawauza kuti azibwerabe ndi ana awo pa chulu, koma sitima ikachedwa iwo n'kupita kumunda, anawo azipita nawo.